Mbewa za M'ndowa ndi Maso a Alamu Anga

Mukadzadutsa kwathu ku Chikwa m'mamawa, mudzaona madala awiri pakhonde. Wina wakweza malaya, mimba ili pamtunda, wina akutsinzinira timizere ta pa nyeleti ya jekeseni ngati akuwerenga kalata ya kukhoti. Wotsinzinirayo ndine. Wa mimba pamtundayo ndi a Goma, alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga. Odutsa pamsewu amati, "Koma madala awa ndiye amakondana!" Ine ndimangokweza dzanja. Sadziwa kuti chimene akuonacho ndi chilango, ndipo mlandu wake unayamba ndi mbewa zisanu ndi imodzi.

Matenda a shuga anatipeza tonse awiri chaka chimodzi, ngati tinachita kupangana. Ine zinandiulula ndi nyerere. Paliponse pamene ndatayira madzi kuseri kwa nyumba, nyerere zinkasonkhana ngati pagwa nzimbe. Akazi anga, aNyagoma, ndiwo anayamba kuona.

"Imwe, kodi masiku ano mukukodza tiyi?"

Kuchipatala ku boma anandibaya chala, anayang'ana kamakina kawo, n'kupukusa mutu. Mapiritsi anandisunga zaka zingapo, kenako anatopa nane, ndiye anandiika pa nyeleti ya insulini, m'mawa ndi madzulo. A Goma nawonso chimodzimodzi, kungoti iwo anawawonjezera mawu ena. Anawaunika m'maso ndi kanyali n'kuwauza kuti, "Atate, shuga wayamba kudya mitsempha ya m'maso mwanu. Mukamajomba nyeleti, mudzasiya kuona." Ine ndinali pomwepo, mawuwo ndinawamva ndi makutu anga. Muzikumbukira zimenezi, chifukwa kutsogoloku ndingayese kudzikhululukira.

A Goma ndi telala. Anali telala, ndinene choncho. Mayunifomu a ana asukulu kuno, mabulauzi a azimayi a kutchalitchi, zigamba za pamatako pa mathalauzi athu, zonse zinkadutsa pa makina awo. Munthu wolowetsa ulusi m'kabowo ka singano kamodzi n'kamodzi, kwinaku akukunena kuti ndiwe waulesi.

Manje insulini sagwirizana ndi kutentha, ndipo kuno kuchigwa dzuwa silisewera. Filiji tilibe. Tinachita zimene anatilangiza anesi: mtsuko wadothi, mchenga m'kati, kuthira madzi m'mawa uliwonse, timabotolo n'kutikwirira mumchengamo. Kwa a Goma denga ndi lamalata, masana m'nyumba mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo akazi awo anamwalira kalekale, wokumbukira kuthirira mchenga kunalibe. Choncho timabotolo tawo tinkagona mumtsuko mwanga. Tawo anatimanga kaulusi kofiira pakhosi kuti tisasokonezeke ndi tanga (telala ndi telala basi). M'mawa ankabwera, madzulo ankabwera, aliyense n'kudzibaya yekha, tikutukwana shuga ndi makolo ake.

Ine nyeleti ndimadana nayo. Ndinathamangitsapo njovu m'munda wa mpunga ndi chitini chabe, koma kachitsulo kakang'ono aka kamanditulutsa thukuta m'manja. Ndinenenso kuti sukulu ndinalekezera giredi faivi, koma ndili mnyamata ndinanyamulapo mabokosi a anthu ofufuza za ntchentche za kashembe, miyezi inayi yathunthu. Kuyambira pamenepo kumudzi ankanditcha dokotala. Ankanena moseka, ine ndinkamva mosaseka.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera mdzukulu wanga Tiwonge, amene amagwira ntchito ku Lusaka. Tinamuphera mbuzi. Tikusenda pansi pa mtengo, a Goma atagwira miyendo, ndinayamba kumuputa Tiwonge.

"Manje iwe mkazi wanga wamng'ono, sukulu yonse ija, ntchito yako ndi yanji kwenikweni?"

"Ndimaweta makoswe, asekulu."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Makoswe? Unapitira ku Lusaka makoswe? M'nkhokwe mwangamu alimo aulere, tenga ndi ana awo omwe."

Sanakwiye. Anapisa dzanja m'matumbo a mbuzi muja n'kutulutsa kanyama kotuwa, kofewa, kamene ife timangoponyera agalu.

"Aka ndi kapamba. M'kati mwake muli tinthu tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timapanga insulini. Mwa imwe ndi mwa asekulu a Goma tinthuto tatopa, tina tafa, n'chifukwa chake mumabwereka wa m'botolo. Ife kuntchito timatenga makoswe oyera, timawabaya mankhwala amene amapha tinthu timeneti dala, koswe n'kudwala shuga ngati imwe. Ena timawadula kapamba mbali imodzi. Ndiye timayesa mankhwala osiyanasiyana kuti tione ngati tinthuto tingaphukenso."

"Ndiye timaphuka?"

"Mwa makoswe, nthawi zina, pang'ono. Mwa munthu sitinafikepo. N'kutali, asekulu."

Ananenanso zina ziwiri. Anati makoswe ena sawapatsa mankhwala, amangowasiya pambali kuti azifanizira, apo ayi sungadziwe ngati chachiza ndi mankhwala kapena mwayi. Ndipo anati chilichonse amalemba m'buku. "Koswe akafa timalemba kuti wafa. Ukabisa zolephera, mawa wina adzayesa zomwezo pa munthu."

A Goma anagwedeza mutu. Ine pa mawu onsewo ndinatolapo amodzi okha: timaphuka. Mtengo wa mupani ukaudula umaphukira pachitsa. Nanga kapamba kanga kalephere bwanji? Ndipo mankhwala ndinali nawo kale m'mutu. Khungwa la muwawani, lija lowawa mpaka kumakutu. Nzeru zanga zinati chotsekemera chimathawa chowawa. Ana a ku Lusaka akuvutika ndi mabotolo pamene yankho laima kuseri kwa chimbudzi changa.

Tiwonge atabwerera, inali nthawi yotentha tchire ndi kukumba mbewa. Ndinakumba akapuku asanu ndi mmodzi, amoyo, osathyoka mwendo. Atatu m'ndowa iyi, atatu m'ndowa iyo, pamwamba ndinaphimba ndi waya wa sefa yakale. Ndinatenga kabuku kotsala ka sukulu, pachikuto n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZOFUFUZA.

Vuto loyamba linali kuzidwalitsa. Mankhwala opha kapamba ndinalibe. Koma ndinati, matenda a shuga dzina lake likunena lokha. Ndinayamba kuba shuga wa alendo amene aNyagoma ankabisa m'chitini cha pamwamba pa kabati (ankandibisira ine, osadziwa kuti ndikubera mbewa). Phala la shuga m'mawa, phala la shuga masana, masabata atatu. Mbewa zinanenepa mpaka makosi kusowa.

Vuto lachiwiri linali kuziyeza. Kamakina kobaya chala kali ku boma, ndipo mbewa sungapite nayo pamzere wa odwala. Ndiye ndinakumbukira amene anandiyeza ine poyamba. Nyerere! Ndinaika ndowa zonse ziwiri pansi, kuseri kwa khitchini. Pofika masana nyerere zinali zitakwera mizere mizere, ngati anthu opita kokalandira feteleza. Ndinalemba m'kabuku: Zonse zadwala. (Inde, ndikudziwa. Inunso mukudziwa. Nyerere zinkatsata phala lotayikira m'ndowa. Koma nthawi imeneyo munali kuti?)

Tsiku lotsatira ndinatsuka ndowa zonse ziwiri, shuga ndinasiya kupereka. Za m'ndowa yoyamba ndinazipatsa gaga wonyowetsa ndi madzi a muwawani. Za m'ndowa yachiwiri gaga wa madzi wamba, kuti ndizifanizira monga ananenera mwana uja. Apa pokha ndinachita bwino, ndipo ndikanasiyidwa, nyerere zikanachoka m'ndowa zonse ziwiri, ine n'kuona ndekha kuti muwawani sunachite kanthu.

Koma madzulo ake ndikuchokera kudimba, ndinapeza a Goma pakhonde akunyambita zala.

"Alamu, mbewa za chaka chino zanona! Mafuta mpaka m'chigongono. Munakumba kuti?"

Ndinathamangira kuseri. Ndowa yachiwiri inali itavundikiridwa pa thandala, yotsukatsuka.

"ANyagoma! Mbewa zanga zili kuti?"

"Ndiwo zizinenepa m'ndowa ife tikudya therere? Zitatu zinazo ndazisiya chifukwa zikununkha mankhwala anu."

"Mwaphika sayansi, mayi inu!"

"Inali yokoma. Yanu ndakusungirani, ili m'mbale."

Ndinadya. Ndikanatani? Kenako ndinalemba: Zitatu zadyedwa. Ndikanatha kukumba zina n'kuyambiranso, koma masabata atatu ena akuba shuga ndinaona kutalika.

Patapita masiku asanu, m'ndowa yotsala ija munalibe nyerere ngakhale imodzi. Ndinatenga mbewa imodzi, ndinaipha, n'kuing'amba ndi lezala padzuwa kuti ndione kapamba. Abale, m'mimba mwa mbewa zinthu ndi zazing'ono, ndipo zonse zimafanana. Ndinasankha kanyama kamodzi kamene kanandisangalatsa, n'kuitana a Goma.

"Onani apa, alamu. Kaphukira."

A Goma, amene nthawi imeneyo ankaona nsabwe ili pa mtunda wa mikono itatu, anawerama nthawi yaitali.

"Ine ndikuona matumbo chabe."

"N'chifukwa simunanyamulepo mabokosi a ofufuza."

Ndinalemba: Zitatu zachira.

Foni kwathu imagwira pachulu cha kuseri kwa sukulu basi. Ndinakwera, a Goma akudikira pansi mumthunzi. Ndinamufotokozera Tiwonge zonse, mwadongosolo, ngati mnzake wa kuntchito. Anaseka mpaka ndinamva akupempha madzi. Kenako mawu anasintha.

"Asekulu, mundimvere. Mbewa zija sizinadwale n'komwe. Kudyetsa mbewa shuga sikupha kapamba. Simunachize chilichonse. Musayerekeze kusiya nyeleti, mwamva? Ndipo asekulu a Goma musawauze zimenezi, maso awo ali kale pangozi."

Foni sinaduke. Mphepo sinawombe. Ndinamva liwu lililonse. Kungoti kuseka kuja kunandilasa. Kamwana kamene ndinakasenza pamapewa kakundiseka ine? Ndinati ndi nsanje ya anthu ophunzira.

Nditatsika, a Goma anafunsa, "Wati bwanji mwana?"

"Wadabwa kwambiri." (Sindinaname, anadabwadi.) "Wati kwawoko sanafikepo pamenepa." (Apanso sindinaname. Mukuona mmene munthu amanamira ndi zoona zokhazokha?)

A Goma anakanda pansi ndi kamtengo.

"Nanga maso anga, alamu? Paja anati ndikajomba..."

"Maso ndiye adzayamba kuchira. Kapamba kakaphuka, zonse zimatsatira."

Chotilepheretsa chinali chimodzi, aNyagoma. Iwo anati tsiku limene ndidzasiye nyeleti adzandibaya okha ndi singano yosokera matumba. Koma mwezi wa Novembala mwana wathu wamkazi ku Lundazi anali pafupi kubereka, ndipo anawaitana. Tonse tinapita limodzi mpaka ku boma, ife madala n'kulandira mankhwala okwanira nyengo ya mvula, poti mitsinje ikadzaza msewu wathu umafa. Akukwera galimoto ya ku Lundazi, aNyagoma anandiloza chala.

"Imwe, mchenga muzithirira. Ndipo mlongo wanga musamupusitse ndi zamisala zanu."

Titangofika kumudzi, tinasiya. Mtsuko ndinausunthira pakona kuchipinda, wodzaza timabotolo. Lasabata potuluka m'tchalitchi ndinalengeza pabwalo kuti ine ndi alamu anga tatsanzikana ndi nyeleti. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina analuluta. Aphunzitsi ena achinyamata anayesa kunena kanthu, ine n'kuwafunsa ngati anang'ambapo mbewa. Anthu anaseka. Tsiku limenelo ndinayenda ngati nduna.

Sabata yoyamba ludzu linandigwira loti ndikanamwa Luangwa yense. Lilime ngati chikopa chouma. Kutaya madzi kosalekeza, ndipo abwenzi anga anyerere anabwerera kuseri kwa nyumba, ndi achibale awo. Tsiku lachisanu ndi chitatu, dzuwa lili pamutu, ndikukonza m'munda wa mpunga, dziko linazungulira. Ndinadzuka nkhope ili m'dothi, khasu lili uko, nkhuku ya eni ake ikundiyang'ana ndi diso limodzi. Panalibe munthu anaona. Ndinadzikoka mpaka kunyumba, ndinatseka chitseko, ndinafukula kabotolo kanga, n'kudzibaya. Nyeleti imene ndinkaitukwana ija, tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuipsompsona.

Patapita masiku awiri ndinali munthu. Manje apa ndi pamene pali nkhani yonse. Kuchokera pakhomo panga kufika kwa a Goma, fodya wopichira satha n'komwe. Ndinanyamuka ndithu kuti ndikawauze kuti alamu, zalephereka, tiyeni tibwerere ku mtsuko. Mawu ndinawakonza m'njira.

Ndinapeza pakhonde pawo pali anthu, azimayi atatu odikira zovala ndi madala awiri ongocheza. A Goma atandiona anaimitsa makina.

"Uyo dokotala wathu! Onani mmene akuwalira. Masiku khumi opanda nyeleti!"

Onse anatembenuka kundiyang'ana. Wina anandipatsa mpando, umene sanandipatsepo chibadwire.

"Nanga imwe alamu mukumva bwanji?" ndinafunsa.

"Ludzu lokha ndi kukodza. Ndi kufooka pang'ono."

Apa ndi pamene ndikananena. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Chimene chinatuluka ndi ichi: "Ndiye kuti mankhwala akugwira. Matenda akutuluka ndi mkodzo."

Ndinati ndidzawauza mawa tili awiri. Mawa lake kunagwa mvula. Mkuja anali ndi alendo. Kenako zinayamba kuvuta mwa mtundu wina, chifukwa ukachedwa sabata umafunika kufotokoza za muwawani, koma ukachedwa mwezi umafunika kufotokozanso za mweziwo. Ine ndinkadzibaya chitseko chili chotseka, mchenga ndikuthirira mokhulupirika, kenako n'kutenga nkhwangwa kukasema khungwa la alamu anga. Ndinkanenepa, iwo akuonda. Akandiyang'ana ankaona umboni woti mankhwala ndi abwino.

"Mwina ine ndikuchepetsa," anatero tsiku lina. "Ndiziwiritsa makapu awiri."

"Yesani," ndinayankha ine, dokotala.

Mitsinje inadzaza, msewu unafa. Tiwonge akaimba, foni yanga inkakhala kutali ndi chulu, ndipo sindinkaiyandikitsa. Kumapeto kwa Januwale kabotolo kanga kamodzi kanandipulumuka m'manja n'kusweka, kotsalako sikanachedwe kutha. Mumtsuko munatsala timabotolo ta ulusi wofiira, todzaza, tozizira bwino. Ndinakhala pamphasa ndikutiyang'ana. Ndinadziuza kuti mwini wake sakutifuna, tingowonongeka. Ndinamasula kaulusi, n'kukakankhira mumchenga kuti ndisakaone. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala ndi moyo ndi mankhwala a munthu amene ndinkamumwetsa makungwa.

Mwezi wa Febuluwale a Goma anandipempha chinthu chimene sanapemphepo munthu.

"Alamu, tandilowetserani ulusi. Kabowoka kakuthawa."

Ndinalowetsa, nditaphonya kasanu. Sabata yotsatira anasoka mkono wa yunifomu n'kuutseka kumapeto, mwana wa eni ake n'kulephera kutulutsa dzanja. Anthu anaseka, iwonso anaseka. Kenako anayamba kufunsa ngati wina akutentha zinyalala, chifukwa kunja ankaona utsi. Kenako anati tinthu takuda tikuuluka m'maso ngati mwaye. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pa makina, manja ali pamaondo, osapalasa.

"Diso lakumanja lagwa chinsalu, alamu. Chofiirira."

Mukuganiza kuti apa ndinaulula? Ndinawauza kuti msewu ukatseguka tidzapita ku boma. Ndinasiya kuwapititsira khungwa, ndikunamizira kuti mtengo wazunguliridwa ndi madzi. Kumeneko ndiye kunali kulapa kwanga konse. Kabotolo kawo kamodzi kanali kadakalipo mumtsuko, ndipo sindinakatulutse, chifukwa akanafunsa kuti tinzake tili kuti.

ANyagoma anabwera ndi galimoto yoyamba kudutsa mu Epulo. Anayamba kwa mlongo wawo, poti nyumba yawo ili kumsewu. A Goma anawazindikira ndi mawu. Atafika kwathu sanandipatse moni, sanandiuze ngati mdzukulu ndi wamwamuna kapena wamkazi. Anaika katundu pansi, analowa kuchipinda, anatulutsa mtsuko, n'kuukhuthula pabwalo dzuwa likuwala. Timabotolo topanda kanthu tinagubuduka. Anapapasa mumchenga n'kutola timaulusi tofiira titatu.

Ndinkayembekezera kukuwa. Mayi amenewa amakuwira nkhuku ikalowa m'khitchini. Sanakuwe. Anapita kukawatenga a Goma, atawagwira dzanja, anawakhazika pakhonde panga, n'kuwaika timaulusi tija m'chikhatho. A Goma anatipapasa ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono.

"Mfundo iyi ndimamanga ndine," anatero. "Mwaitenga kuti?"

"Afunseni adokotala," anayankha aNyagoma.

Ndinanena zonse. Za kugwa m'munda, za chitseko chotseka, za mawu a Tiwonge pachulu paja. Sizinatenge nthawi. Zimene ndinalephera kunena miyezi inayi zinatha madzi a tiyi asanawire. A Goma anapinda timaulusi tija, anatiika m'thumba la malaya, n'kupempha mlongo wawo kuti awaperekeze.

Ku boma anawaunika, n'kutitumiza kwa odziwa za maso kutali. Kumeneko anayesa zimene akanatha. Lakumanja linapita. Lakumanzere limasiyanitsa usana ndi mdima, ndipo munthu akaima patsogolo pawo amaona ngati chitsa. Dokotala wake anafunsa chifukwa chimene anasiyira nyeleti. A Goma anati, "Ndinalangizidwa." Sananene ndi ndani. Ine ndinali pambali pawo nditanyamula chikwama, ndikuyang'ana nsapato zanga.

Makina osokera anawaphimba ndi chitenje. Ana asukulu manje amapita ndi nsalu zawo ku Chama. Kumudzi dzina la dokotala lidakalipo, koma mmene amalitchulira masiku ano, bola akanamanditukwana. Tiwonge nditamuuza sanandikalipire. Anangoti, "Asekulu," ine n'kudula foni. Mbewa ziwiri zotsala zija zinaboola sefa kalekale n'kulowa m'nkhokwe. Pa onse amene analowa m'kabuku kanga, izo zokha ndi zimene zinapindula.

Timizere ta pa nyeleti a Goma sangationenso. ANyagoma manja amanjenjemera. Ndiye anagamula okha mayiwo kuti wobaya mlongo wawo ndikhala ine, m'mawa ndi madzulo, mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe m'manda. Anamanga chingwe kuchokera pakhomo pa a Goma kufika pamtengo wa pakhomo pathu, kuti azitsata ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi ndodo. Miyezi iwiri yoyamba ankabwera, n'kukhala, n'kukweza malaya, n'kutsitsa, n'kupita. Osanena kanthu. Munthu amene kale sankatseka pakamwa. Ndinkalakalaka atandimenya ndi ndodo ija.

Tsiku lina ndikupukuta pobaya, anayankhula.

"Alamu, kabuku kaja kadakalipo?"

"Kalipo."

"Tawerengani."

Ndinakatenga pansi pa matiresi. Sikanatenge nthawi kuwerenga. "Zonse zadwala. Zitatu zadyedwa. Zitatu zachira."

"Basi?"

"Basi."

"Nanga yachisanu ndi chiwiri?"

Ndinati mbewa zinali zisanu ndi imodzi.

"Awe, alamu, werengani bwino. Panali ina yaikulu, ya miyendo iwiri, inkasoka mayunifomu. Mwana uja pa mbuzi paja anati yolephera nayonso amalemba. Kapena munamva za kuphuka zokha?"

Ndinati ndilemba.

"Mulembe zonse. Ndi za ulusi zomwe. Mukasiyako, mlongo wanga adzandiwerengera, ndidzadziwa." Anatsitsa malaya, anafufuza ndodo yawo. Ali pa chingwe anatembenuka. "Koma zinali zonona, mbewa zija. Pamenepo pokha munakhoza."

Kabuku kaja masamba anali ochepa, ndiye ndapempha mapepala ena kwa aphunzitsi amene ndinawachititsa manyazi patchalitchi paja. Anandipatsa osafunsa. Sindikuuzani kuti ndasanduka munthu wanzeru. Sabata yatha wina pamsika ankanena za masamba otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinamva m'manja mukuyabwa. Nditafika kunyumba ndinapeza ndowa zonse ziwiri aNyagoma anazibzalamo tsabola.

Manje ndalemba. Mbewa yachisanu ndi chiwiri sinachire. Ndikumva ndodo yake ikugogoda m'njira, ndipo mchenga sindinathirire.